Pasipoti mwasungitsa m'nyumba ya eni, kiyi mwasiyira wodutsa

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, ku Joni, mnyamata wina wakumudzi anandikokera pambali, maso ali psuu. Foni amutsomphola pa Bree akudikira taxi. Ine nkuti pepa mwanawe, foni ugula ina. Iye amvekere: "Bambo, zonse zinali pa Google." Pasiwedi? Sakuidziwa. Imelo anamutsegulira ndi mnyamata wokonza mafoni mtauni, dzina lakenso analiiwala. Nanga nambala yomwe Google imatumizako khodi yotsegulira akaunti? SIM anaitaya chaka chatha atapeza ina ya mabandulo otchipa.

Zapita zithunzi za pasipoti ndi permit, malisiti a ndalama zonse zomwe watumiza kumudzi zomangira nyumba, ngakhale zithunzi za maliro a mayi ake, maliro omwe iye sanapiteko. Ndinakwiya, sindibisa.

Ana inu, nzeru munazisiya pa Mwanza kapena pa Beitbridge? Chinthu chomwe mukuchitcha cloud mukuyesa ndi kumwamba kwa angelo? Ndi makompyuta a eni ake, ali kumayiko omwe simudzapondako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nanga inu moyo wanu wonse mwauika pachala, chala chakenso cha munthu wina!

Mukutaya SIM ngati chitsononkho cha chimanga, pamene nambala yomwe yasiya kugwiritsidwa ntchito kampani imadzapatsa munthu wina. Khodi yanu izipita kwa ndani? Google inalengeza poyera kuti kuyambira Disembala 2023 akaunti yomwe yatha zaka 2 osaigwiritsa ntchito ikhoza kufafanizidwa pamodzi ndi zonse zili momwemo. Munawerenga? Mukatsekeredwa ku Lindela, kosungirako obwezedwa kwawo, nkukatulidwa kumudzi opanda foni, mukuti adzakusungirani ndani? Malo aulere ndi 15 GB basi pa Google, 5 GB pa iCloud ya mafoni a Apple. Mwadzazamo mavidiyo a magule ndi a maukwati a anthu osawadziwa, foni ikukuuzani tsiku ndi tsiku kuti mwadzaza, inu kumangodina kuti ichoke, kwinaku mukudzitama kuti zanga zonse zimasungika zokha.

Ndipo atsikana inu, ndi azibambo omwe, pakuti nanunso simuli oyera pankhaniyi: zithunzi zosavala mukujambulazo mukuyesa zimathera m'foni? Zimakwera zokha usiku inu muli mtulo. Mu 2014 akatswiri a mafilimu aku America, anthu a ndalama ndi maloya awo, anaberedwa zithunzi zoterozo pa iCloud atapusitsidwa kupereka mapasiwedi, dziko lonse nkuziona. Inu wa piece job ku Mayfair adzakumverani chisoni ndani? Pasiwedi munapatsa chibwenzi masiku omwe chikondi chinali pamoto, chibwenzi chinatha kalekale, pasiwedi ikadali yomweyo. Ena mukukalowa imelo pa internet café ku Hillbrow kuti musindikize CV, nkunyamuka osatseka. Wobwera pambuyo panu apeza pasipoti yanu, nambala ya kubanki, adiresi ya komwe mukugona. Mawa akatenga ngongole m'dzina lanu mudzati mwalodzedwa?

Ine mapepala anga ali m'pulasitiki pansi pa sutikesi, ena pa flash, ena ndinatumiza kwa mlongo wanga ku Zomba. Pasiwedi ndinalemba ndi bolopeni m'kabuku. Ana anga amaseka kuti ndine wachikale. Aseke.

Wina asadzabwerenso kwa ine ndi misozi ya pasiwedi. Ndatopa nanu.