Pepala likabwera ndi malikisi okha, mwana waphunzirapo chiyani?

Ndimagwira ntchito mu kashopu kosindikiza mapepala kuno ku Katoto, mu mzinda wa Mzuzu. Ophunzira a m'makoleji amabwera ndi ma flash, ena amangotumiza fayilo pa WhatsApp, kuti tiwatulutsire asayimenti. Choncho zolemba zawo zambiri zimadutsa m'manja mwanga. Mwezi watha ndinasindikiza chimangirizo chimodzi kanayi tsiku limodzi. Funso linali lozukuta ndakatulo ya Chingerezi. Mayina anayi osiyana, koma ndime zonse zofanana, mpaka liwu lolakwika pa mzere wachitatu.

Ndikudziwa ambiri munena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, ChatGPT yawapha mutu. Aulesi alipodi. Koma chomwe chinandiwawa ine ndi china.

Kamtsikana kena kamabwera ndi zolemba pamanja, zofufutafufuta, kuti ndikatayipire. Ntchitoyo ndi yake, ndimaiona ikubadwa. Sabata yatha anabwera ndi pepala lomwe aphunzitsi anabweza. Pamwamba panali 52, pansi kachongi kamodzi. Masamba asanu onse mbee, popanda ngakhale mzere wa bolopeni yofiira. Anandifunsa, "Achimwene, inu mumawerenga zambiri, ndalakwitsa pati?" Ndinasowa choyankha. Mnzake amene anakopera pa intaneti anapeza zoposa iye. Ndiuzeni, ulendo wina mwana ameneyu adzagonanso mochedwa pa kuzizira kwa Mzuzu kuno akulemba yekha?

Kulemba sikuphunziridwa ndi malikisi. Ine amene anandiphunzitsa ndi mphunzitsi wanga wa Fomu 3, yemwe ankalemba m'mbali mwa pepala kuti mfundo iyi ilibe umboni, ndime iyi yanyamula nkhani ziwiri, mathero akubwereza chiyambi. Chimangirizo chimodzi ndinachilemba katatu. Chachitatucho mpaka lero ndimachikumbukira.

Aphunzitsi athu a m'makoleji, sindikukunyozani. Makalasi ndi odzaza, ndipo kuchonga mulu wa mapepala si masewera. Mabuku nawo ndi osowa. Tonse tikukumbukira moto womwe unapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) mu December 2015, ndipo mpaka pano buku limodzi limazungulira gulu lonse la ophunzira m'makoleji ambiri. Koma ngati nthawi ndi yochepa, bwanji osachepetsa asayimenti? M'malo mwa zinayi pa semesita, perekani ziwiri, koma iliyonse ibwerere kwa mwini wake ndi ndemanga, aikonze, aiperekenso. Ndime yoyamba alembere m'kalasi momwemo, pamanja, inu mukuona. Wokopera aonekera pomwepo, simudzavutika ndi kumusaka.

Ndipo mitu yake izikhalako yakwathu kuno. Muuzeni mwana afotokoze m'Chingerezi msika wa Taifa m'mawa ogulitsa akumasula katundu, kapena wakabaza akukwera chitunda ndi kasitomala mu July chifunga chili tolo. Alembe mtsutso wa lendi ya nyumba ku Luwinga kapena Chibavi, afunse eni nyumba awiri ndi alendi awiri. Zimenezi pa intaneti sakazipeza zophikaphika. Legson Kayira, mwana wa kumpoto konkuno, anadziwika dziko lonse polemba za ulendo wake wapansi womwe anauyamba mu 1958 kufunafuna sukulu. Analemba zomwe mapazi ake anaponda.

Inunso ophunzira, lekani kuopa kugogoda pa ofesi. Tengani pepalalo, funsani mwaulemu kuti "Sir, Madam, ndikonze pati?" Fizi mukulipirayo ndi ya zimenezo.

Kamtsikana kaja ndinakhala nako mphindi makumi awiri makasitomala atachepa. Tinapeza kuti ndime yake yachiwiri imangofotokozanso zomwe ndakatulo imene anapatsidwa kuti azukute ikunena, osaonetsa mmene wolembayo wasanjira mawu kuti zimveke choncho. Analemba zimenezo kuseri kwa lisiti. Akuti abweranso Lachisanu ndi asayimenti ina.