Justin Vernon wa Bon Iver sali woimba wodzipatula monga amamunenera

Dzina la gulu loimba la ku America la Bon Iver likangotchulidwa, anthu ambiri amathamangira kufotokoza za kanyumba ka matabwa ka m'nkhalango ya ku Wisconsin, komwe Justin Vernon anakabindikira m'nyengo yozizira kuyambira chakumapeto kwa 2006 n'kutulukako ndi chimbale chomwe chinamutchukitsa. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo sindikufuna kuichepetsa, koma ndikuona kuti yatiphimba m'maso kwa nthawi yaitali. Yapangitsa kuti munthu yemwe ntchito yake yonse yayenda ndi anzake azidziwika ngati wodzipatula, pomwe miyezi pafupifupi itatu yomwe anakhala yekha ndi kachigawo kochepa chabe ka zaka zoposa makumi awiri zomwe wakhala akuimba. Maganizo anga ndi akuti luso lalikulu la Vernon silili pa kupirira kusungulumwa, koma pa kudziwa kupereka mawu ake kwa ena, ndiponso kudziwa nthawi yokana.

Vernon anabadwa mu 1981 ku Eau Claire, tauni ya ku Wisconsin yomwe ili kutali ndi New York, Los Angeles ndi Nashville, mizinda yomwe malonda a nyimbo a ku America amayendetsedwera. Anakula akuimba ndi anzake a kusukulu, ndipo gulu lawo lomwe linkatchedwa DeYarmond Edison, momwe munali Brad Cook, Phil Cook ndi Joe Westerlund, linasamukira ku Raleigh, m'boma la North Carolina, mu 2005 pofuna kukayesa mwayi. Patangopita chaka gululo linapasuka, chibwenzi chake chinatha, iyenso anadwala matenda omwe anamugoneka kwa nthawi yaitali. Anzake atatuwo anapitiriza kuimba pansi pa dzina la Megafaun, pomwe iye anabwerera kwawo n'kukalowa m'kanyumba kosakira nyama ka bambo ake. Choncho sanapite kunkhalango chifukwa chodana ndi anthu, koma chifukwa anali atataya anthu omwe ankaimba nawo kuyambira ubwana.

Umboni wa zimenezi uli m'chimbale chenichenicho, For Emma, Forever Ago. Mukachimvetsera mwachifatse, makamaka ndi zomvera za m'makutu, mupeza kuti nthawi zambiri simukumva munthu mmodzi. Vernon ankajambula mawu ake kamodzi, kenako n'kujambulanso pamwamba pake kachiwiri, kachitatu mpaka kambirimbiri, wina wokwera kwambiri, wina wapakati, wina wotsika, mpaka nyimbo kumveka ngati kwaya ya kutchalitchi yomwe aliyense waima pa mzere wa mawu ake. Munthu wokhutira ndi kukhala yekha akanatenga gitala n'kuimba ndi liwu limodzi. Iye anadzipangira gulu lonse kuchokera pakhosi pake chifukwa khutu lake linali litazolowera kumva anthu ambiri akuimbira pamodzi. Ndiponso chimbalecho sichinathere m'nkhalango, chifukwa malipenga omwe amamveka m'nyimbo zina anaimbidwa ndi John DeHaven ndi Randy Pingrey, ndipo Christy Smith anathandizako pa nyimbo yoyamba. Vernon anachitulutsa yekha mu 2007, kenako kampani ya Jagjaguwar inachitulutsanso mu 2008 ndipo chinafika kutali. Atafuna kuyamba kuimba pamaso pa anthu, anatenga Sean Carey, woimba ng'oma wa kwawo komweko yemwe anali ataphunzira yekha nyimbo zonsezo, ndi Mike Noyce yemwe kale Vernon ankamuphunzitsa gitala.

Chomwe chinasintha moyo wake kwambiri ndi nyimbo yotchedwa Woods, yomwe ili pa kachimbale ka Blood Bank ka mu 2009. M'nyimboyi mulibe chida chilichonse. Muli ndime imodzi yaifupi yomwe imabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pa kubwereza kulikonse mumalowa liwu lina latsopano, onse atadutsa mu Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe inapangidwira kuwongola woimba akaphonya, koma yomwe ukaikhwimitsa imapangitsa mawu a munthu kumveka ngati a makina. Pa nthawiyo okonda nyimbo za gitala wosalumikiza ku magetsi ankanyoza chipangizochi, ponena kuti ndi chobisalira cha anthu osadziwa kuimba. Vernon, yemwe palibe akanamunena kuti sadziwa kuimba, anachitenga n'kuonetsa kuti nachonso chingathe kunyamula chisoni. Kanye West ataimva nyimboyo anamuitanira ku Hawaii komwe ankajambula chimbale cha My Beautiful Dark Twisted Fantasy cha mu 2010, ndipo Woods inakhala maziko a nyimbo ya Lost in the World. Mawu a Vernon ndi omwenso amatsegula nyimbo ya Monster, momwe muli Jay-Z, Rick Ross ndi Nicki Minaj, ndipo anabwereranso pa chimbale cha Yeezus mu 2013. Zonyoza Ayuda zomwe West anayankhula m'zaka za pambuyo pake ndi zoipa ndipo sindingaziikire kumbuyo, koma izi sizifafaniza mfundo yakuti mu 2010 mnyamata wa ndevu wa kumudzi ku Wisconsin analowa m'chipinda cha akatswiri a rap popanda kudziyesa rapa komanso popanda kudziona ngati wa nyimbo zapamwamba kuposa zawo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandisangalatsa kuposa mphoto zomwe analandira. Chimbale chachiwiri, Bon Iver, Bon Iver, chinatuluka mu 2011 n'kufika pa nambala 2 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zomwe zikuyenda malonda kwambiri ku America, ndipo mu Febuluwale 2012 chinamupezetsa mphoto ziwiri za Grammy, imodzi mwa izo ya woimba watsopano, pomwe anaposa Nicki Minaj, J. Cole ndi Skrillex. Okonza mwambowo anapempha gulu la Bon Iver kuti liimbe, koma linakana chifukwa, malinga ndi zomwe Vernon anafotokoza yekha, ankafuna kuti liimbe mophatikizana ndi woimba wina m'malo moimba nyimbo zake. Wina anganene kuti apa mfundo yanga yagwa, popeza munthu wokonda kuimba ndi ena wakana kuimba ndi ena. Ine ndikuona kuti apa m'pomwe mfundoyo yaima bwino. Kolabo yokonzedwa ndi anthu a malonda kuti owonera wailesi ya kanema asasinthe siteshoni ndi yosiyana ndi kugwira ntchito limodzi kwa anthu omwe amvana m'makutu. Vernon anakana yoyambayo pa usiku womwe oimba ambiri akanalolera chilichonse kuti aoneke, ndipo anatero pofuna kulemekeza anthu omwe anavutika nawo pojambula chimbalecho, monga Colin Stetson wa saksofoni, Rob Moose wa zeze za azungu ndi Greg Leisz wa gitala wogoneka.

Kuti mumvetse bwino munthuyu, yang'anani ntchito zomwe dzina lake silili patsogolo. Mu 2010 anaimba mbali ya Orpheus pa chimbale cha Hadestown cha Anaïs Mitchell, pa nthawi yomwe palibe ankadziwa kuti ntchitoyo idzasanduka sewero lalikulu la ku Broadway, dera la zisudzo la ku New York, lomwe linadzapata mphoto zisanu ndi zitatu za zisudzo zotchedwa Tony mu 2019. Anakhala mmodzi wa oimba a Volcano Choir, gulu lomwe anapanga ndi anzake a Collections of Colonies of Bees, ndipo anatulutsa zimbale mu 2009 ndi mu 2013. Anajambulira Kathleen Edwards wa ku Canada, komanso atsikana atatu apachibale a ku England otchedwa The Staves. Koma ntchito yomwe imandikhudza mtima kwambiri ndi ya mu 2013, pomwe anajambula chimbale cha I'll Find a Way cha Blind Boys of Alabama, gulu la nyimbo zauzimu la azibambo akuda osaona lomwe linayambira pa sukulu ya osaona ku Talladega chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Azibambo okalambawa anayenda ulendo kuchoka kummwera kotentha kupita ku Wisconsin, ndipo yemwe ankatsogolera oimba zida pa ntchitoyo anali Phil Cook, mnzake yemwe uja anasiyana naye ku Raleigh mu 2006. Mchimwene wake wa Phil, Brad Cook, nayenso anadzakhala mmodzi wa ojambula chimbale cha Bon Iver chotchedwa i,i mu 2019. Gulu lomwe kupasuka kwake kunabala nkhani ya kanyumba ija linabwererana mwa njira ina, ndipo mbali imeneyi ndi yomwe anthu saifotokoza kawirikawiri.

Zonsezi zinatheka chifukwa cha chisankho chimodzi chomwe ndimachilemekeza kwambiri. Ndalama zitayamba kubwera, Vernon sanasamukire ku mizinda ikuluikulu. Iye ndi mchimwene wake Nate anagula nyumba yomwe kale inali chipatala cha ziweto ku Fall Creek, pafupi ndi Eau Claire, n'kuisandutsa situdiyo yotchedwa April Base, kotero kuti ofuna kugwira naye ntchito, kuphatikizapo James Blake wa ku London, ankadziwa kuti kwawo kwa ntchitoyo ndi kumeneko. Mu 2015 iye ndi Aaron Dessner wa gulu la The National anayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha Eaux Claires m'tauni yakwawo, ndipo Paul Simon, John Prine ndi Chance the Rapper anafikako. Mu 2018 okonza chikondwererocho anagulitsa matikiti osalengeza mayina a oimba, pofuna kuti anthu abwerere nyimbo osati kutchuka kwa munthu. Ena anadandaula, ndipo ndikuwamvetsa chifukwa ndalama ya munthu si yoseweretsa, koma ganizolo likuonetsa mtima womwewo womwe unakana kuimba pa Grammy.

Ubale wake ndi Dessner ndi womwe wabala zipatso zambiri. Unayamba asanaonane n'komwe, pomwe Dessner anamutumizira kachidutswa ka nyimbo kopanda mawu ndipo Vernon anaikamo mawu ake. Nyimboyo, Big Red Machine, inatuluka mu 2009 pa chimbale cha Dark Was the Night chomwe bungwe la Red Hot Organization linakonza pofuna kupeza ndalama zolimbana ndi HIV ndi Edzi. Dzina la nyimboyo linadzakhala dzina la gulu la awiriwa, ndipo ndi Dessner yemweyo amene mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pachimake, anamulumikiza ndi Taylor Swift pa nyimbo ya exile ya m'chimbale cha folklore. Anthu omwe ankamudziwa Vernon ndi mawu opyapyala okwera m'mwamba anadabwa kumumva akuyamba nyimboyo ndi besi wakuya. Iye ndi Swift anajambula ali kutalikirana, aliyense kwawo, chonsecho chakumapeto kwa nyimboyo mawu awo amalowererana ngati mwamuna ndi mkazi omwe akukangana, aliyense akuyankhula mnzake asanamalize. Anadzaimba nyimboyo ali pa nsanja imodzi ku London mu Okutobala 2022. Chomwe ndimaona apa ndi chakuti anasiya mawu omwe amadziwika nawo chifukwa nyimboyo inkafuna ena, ndipo oimba otchuka ambiri sachita zimenezo akaitanidwa pa nyimbo ya mnzawo, chifukwa amafuna aliyense awazindikire pa sekondi yoyamba.

Sindikunena kuti chilichonse chomwe wakhudza ndi chabwino. Chimbale chachiwiri cha Big Red Machine cha mu 2021 chili ndi nyimbo 15 ndipo chimapitirira ola lathunthu, ndipo ngakhale muli Anaïs Mitchell, Taylor Swift, Sharon Van Etten ndi Fleet Foxes, kwa ine alendo anachuluka moti nyimbo zina zilibe mwini wake. Khomo likakhala lotsegula kwa aliyense, pamafunikabe munthu wolimba mtima wonena kuti nyimbo iyi isalowe. Palinso vuto la mawu a nyimbo zake. Kuyambira pachiyambi Vernon ankayamba waimba chuni chopanda mawu enieni, kenako n'kufunafuna mawu ofanana ndi kamvekedweko, ndipo njirayi nthawi zina imabala mizere yomwe tanthauzo lake silipezeka ngakhale kwa odziwa bwino Chingerezi. Pa chimbale cha Bon Iver chotchedwa 22, A Million cha mu 2016, momwe ngakhale mitu ya nyimbo inalembedwa ndi manambala ndi zizindikiro, kubisala kumeneku kunafika pachimake. Komabe m'chimbale chomwecho muli nyimbo yomwe mutu wake ukuyamba ndi 715, nambala ya foni ya dera la kwawo, yomwe amaimba ndi liwu lokha kudzera m'chipangizo chomwe anakonza ndi injiniya wake Chris Messina, chogawa liwu limodzi kukhala ambiri nthawi yomweyo akuimba. Chipangizocho anachitcha Messina, dzina la mnzakeyo, ndipo nyimboyo ndi imodzi mwa zowawa mtima kwambiri zomwe analembapo.

Vernon wakhala akuyankhula poyera za nkhawa ndi kuvutika maganizo komwe kutchuka kunamubweretsera, ndipo m'chimbale cha SABLE, fABLE cha mu 2025 akuoneka kuti wakana kupitiriza kukhala munthu wachisoni yemwe omvera ake anamuzolowera. Nyimbo zoyambirira za chimbalecho ndi za gitala ndi liwu, zofanana ndi za kale zija, koma zotsatira zake ndi zowala, zachikondi, zokhala ndi kakomedwe ka soul, ndipo m'menemo akuimba ndi Danielle Haim, Dijon ndi Jenn Wasner, pomwe Jim-E Stack anathandiza kujambula. Ena mwa omutsatira akale anakhumudwa kuti sanabwerere kunkhalango mpaka kumapeto. Ine ndikuona kuti kufuna kuti woimba azikhalabe wosweka mtima n'cholinga choti ife tipeze nyimbo zotitonthoza ndi kumulakwira, ndipo gawo lachiwiri la chimbalecho, pomwe mawu ake akusinthana ndi a Danielle Haim, ndi lomwe ndimalibwereza kwambiri.