Ndalama za mwana wa Odolan

Anzanga osewera The Witcher 3, ndiloleni nditulutse zimene zandikhala pamtima sabata yonseyi. Ndayambiranso gemuyi pachiyambi penipeni. Chitulukireni mu 2015 kuchokera ku kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland, anthu akamaikamba amathamangira nkhani zikuluzikulu, za Bloody Baron ndi mkazi wake, za mzimu wa mumtengo uja wa ku Velen, za Ciri. N'zolemera ndithu, sindikukana. Koma pamenepo aliyense amadziwa kuti akuyesedwa, ndiye amakhala tsonga n'kusankha mosamala. Ine ndaona kuti mtima wa wosewera umaonekera pa ndalama, pamene akuganiza kuti palibe akumuona.

Kumbukirani Odolan, bambo wa ku White Orchard, mudzi wa koyambirira kwa gemuyi. Nkhondo ya maufumu a Nilfgaard ndi Temeria yangodutsa kumene, mitembo yaipitsa mtsinje, mwana wake wamkazi wamwa madziwo ndipo ali gone m'nyumba. Madzi abwino ali pachitsime cha mudzi wina umene anthu anausiya, koma pachitsimepo pali mzukwa wa mayi amene anaphedwa mwankhanza. Geralt, wopha zirombo amene timamusewera mu gemuyi, amatsikira m'chitsime, n'kupeza chibangili cha mayiyo, n'kuchiotcha pamodzi ndi mafupa ake, kenako nkhondo ndi mzukwawo. Ukabwerera kuti ulandire zako, bamboyo amakuuza kuti ndalama zimene akukupatsazo ndi zomwe amasungira mwanayo kuti adzapite nazo kubanja akadzakula. Ndinagwira controller osadina chilichonse kwa kanthawi. Ndinakana ndalamazo.

Ndiye Odolan anandipatsa mwala wa amethyst. Apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi opanga gemuyi. Akanandisiya ndichoke chimanjamanja. Munthu akangodziwa kuti kukana malipiro kumabweretsa mphatso, kukanako kumasanduka malonda ena, ndipo ambiri amakana poti anawerenga pa intaneti kuti kuseri kuli mwala. Chifundo chimene sichikukudya kanthu sindichiwerengera kwenikweni.

Koma chimene chinandichititsa manyazi ndi chimene ndinachita nditangotuluka m'nyumbamo. Ndinalowa nyumba yoyandikana nayo n'kuyamba kukhuthula mabokosi ndi matumba. Buledi, makandulo, ulusi, kampeni, zonse m'thumba langa, mwini wake ataima pomwepo akundiyang'ana. Gemuyi sikulanga pa zimenezi pokhapokha asilikali akuone. Ndinali nditazolowera moti chala chimangodina chokha. Munthu yemwe uja wakana ndalama za mwana wodwala, pasanathe mphindi ziwiri wadyera masuku pamutu anansi a mwanayo, anthu amene nkhondo yawasiya opanda ndi mbewu yomwe. Zimenezi zinandipweteka kuposa chisankho chilichonse cha ku Velen.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Geralt azigwira ntchito yaulere. Kupha zirombo ndiyo ntchito yake, ndipo wantchito ayenera malipiro. Malupanga ake awiri, lachitsulo ndi lasiliva, amatha ukamamenya nawo nkhondo, wosula zitsulo sakonza pangongole, zida zabwino zimafuna ndalama zambiri. Wosewera amene amakana malipiro paliponse akunamiza munthu amene akumusewerayo. N'chifukwa chake ndimakonda kuti gemuyi imalola kunenerera. Umatchula mtengo wako, mwini ntchito n'kuyamba kuipidwa, kachizindikiro ka mkwiyo wake kakukwera, ukapitirira muyeso amaumitsa khosi. Ife kunenerera timakudziwa, ndipo tikudziwanso kuti mmene umanenerera kwa mwini golosale yodzaza katundu si mmene unganenerere kwa agogo amene ayala milu itatu ya tomato pathumba. Ku mzinda wa Novigrad, kwa amalonda ovala zonyezimira, ndimakweza mtengo mpaka pomaliza ndipo mtima suguguda. Kwa mlimi wa ku Velen amene wasonkhetsa mudzi wonse kuti apeze kangachepe, ndimalandira zimene watchula.

Palinso ndalama zina zonunkha. Ukapha griffin, chirombo chouluka cha ku White Orchard, mkulu wa asilikali a Nilfgaard amakupatsa malipiro atangolamula kumene kuti mlimi wina akwapulidwe chifukwa chobweretsa mbewu zowola. Ulendo woyamba ndinakana chifukwa cha mkwiyo. Ulendo uno ndalandira, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino. Kukana kwanga sikuchotsa chikoti ngakhale chimodzi pamsana pa mlimiyo, kumangosiya ndalamazo m'thumba la omukwapula. Ena mwa inu mutsutsa, mudzati kulandira ndiko kuvomereza. Ndikumva, ndipo mfundo imeneyo sindikuipeputsa.

Opanga gemuyi anaona okha mmene ndalama zimatisinthira. Itangotuluka, osewera anatulukira kuti ukapha ng'ombe za ku White Orchard, n'kudikira kuti nthawi idutse, zina zimabwera, ndiye umangopha n'kumagulitsa zikopa mpaka kulemera. Ng'ombe za alimi omwe aja! Kampaniyo inaikamo chirombo chotchedwa chort choti chizitulukira aliyense wochita zimenezi. Kenako mu Hearts of Stone, chigawo chowonjezera cha gemuyi, anabweretsa wokhometsa msonkho ku mzinda wa Oxenfurt, amene amakuimitsa ukakhala ndi ndalama zambiri n'kukufunsa za zikopa zija, za malonda a ngale, ndiponso ngati unalowapo m'nyumba za eni n'kutenga katundu. Ambiri amangoseka pamenepo. Kwa ine funso lomalizalo ndi lenileni, ndipo ndikanakonda likanabwera msanga, kuchokera pakamwa pa mayi wa m'mudzi amene wakupeza utapisa dzanja m'bokosi lake.

Ulendo uno ndadziikira lamulo. Nyumba imene muli anthu sinditengamo kanthu. Ndimatola za achifwamba, za m'mapanga, za m'mabwinja. Ndalama zikuvuta, sindinama. Dzulo ndinafika kwa wosula zitsulo ku Crow's Perch lupanga lasiliva litatheratu, zovala zankhondo nazonso zikufuna kukonza, ndalama zokwanira chimodzi chokha. Ndinakonzetsa lupanga, n'kulowa m'madambo a Velen ndi zovala zong'ambika zomwezo.