Kukwera phiri la Zomba kunasanduka liti tchimo?

Ndiloleni ndilankhule abale, chifukwa ndikapitiriza kuzisunga mumtima BP ikwera. Tisananyamuke ku Jali kupita ku msonkhano wa chigawo m'tauni ya Zomba tinagwirizana bwinobwino pabwalo la tchalitchi, aliyense akumva: msonkhano ukatha Loweruka masana, kosita itikweza kuphiri tikaone damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, kenako tibwerere kwathu dzuwa lisanalowe. Ya mafuta a kuphiriko tinasonkha padera, amsungichuma analemba m'buku. Ndiye msonkhano watha, takwera, amayi afunda kale zitenje kukonzekera kuzizira, awapampando angoima pakhomo pa galimoto n'kunena kuti, "Ife tinabwera kudzapemphera, osati kudzaona malo. Adalaivala, tiyeni kunyumba." Basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndifunse nawo: kuona malo kunasanduka liti tchimo? Phirilo analenga ndani, Satana? Mlaliki wa m'mawa womwewo anatiwerengera Salimo 121 lija la kukweza maso kumapiri, tonse tikuvomera ameni mokweza, phiri lili pompo kuseri kwa tenti. Kuliwerenga m'Baibulo ndi uzimu, kulikwera ndiye zachikunja? Mose malamulo anakawalandira paphiri la Sinai. Ambuye Yesu amene ankakwera phiri kukapemphera. Koma ife a ku Jali tikati tikwereko pang'ono, akuti tasochera mu uzimu. Zoona zimenezi?

Chikundiwawa kwambiri ndi amayi achikulire aja. Pali agogo ena, dzina sinditchula, anagulitsa nkhuku kuti apeze ya ulendowu. Anabadwira ku Jali konkuno, phiri la Zomba amaliona tsiku ndi tsiku akaweramuka polima, koma phazi lawo silinapondeko chibadwire. Anatenga juzi ya mdzukulu wawo m'jumbo chifukwa anamva kuti kumtundako kumazizira ngakhale kuno kukutentha. Galimoto itakhotera njira ya kwathu, anangoipinda juziyo n'kuibwezera m'jumbo muja, amvekere, "Kaya, mwina Mulungu sanalole." Ayi agogo, Mulungu analola. Amene sanalole ndi munthu, ndipo tonse tikumudziwa.

Taganizani. Mfumu Haile Selassie inachoka ku Ethiopia, mu 1965 inakaima pamwamba paja, mpaka lero malowo amatchedwa Emperor's View. Amayi ake a Mfumukazi Elizabeth anafikako mu 1957, ndiye kuli Queen's View. Azungu amalipira ndege kuchokera kutali kudzasuzumira dzenje la Chingwe ndi kudzagula zipatso kwa anyamata a m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe. Koma eni boma la Zomba, amene ana awo m'tauni amamwa madzi a Mulunguzi yemweyo, ndiwo akuuzidwa kuti kuona malo n'kutaya nthawi. Ukaima pa Emperor's View kukakhala kopanda nkhungu, nyanja ya Chilwa umaiona, phiri la Mulanje umaliona, chigwa chonse chili pansi pako. Agogo aja akanaloza cha kwawo ndi chala. Akanayamika Mulungu kuposa mmene anayamikira m'tenti muja, mikono itapindidwa, thukuta lili kamukamu. Ndani akanachimwa pamenepo?

Akuti mafuta akwera, akuti adalaivala amafuna zowonjezera. Mwina. Nanga bwanji osangotiuza choncho, tisonkhenso pompo? Bwanji kubisala kumbuyo kwa pemphero? Apa ndi pamene pakundinyansa ine. Ngati vuto ndi ndalama, nenani kuti ndalama. Musatichititse manyazi ngati tapempha kuti mutiperekeze ku bawa. Munthu wagona pasimenti m'kalasi, waimba mpaka mawu kusasa, wapereka chopereka chilichonse chimene munalengeza, ndiye apemphe maola awiri okha oti akaone chilengedwe, inu mukumuyang'ana ngati wamwano.

Ena akuti tidzapita chaka chamawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chaka chamawa msonkhano udzakhala ku Zomba komweko? Agogo aja adzakhala ndi nkhuku ina yogulitsa? Maondo awo adzalola? Galimoto inalipo, phiri linalipo, dzuwa linali lidakali pamutu, ndalama inasonkhedwa kale. Chinasowa n'chiyani?

Ndi m'tauni momwe sitinaimemo. Tinali ndi achinyamata a kwaya, ena ali Fomu 4. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, nyumba ya malamulo yakale ikadalipo, chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) chili m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, Chanco ili pomwepo. Mwana wa kumudzi akaona ndi maso ake geti ya yunivesite, akaona anzake atanyamula mabuku, mtima umatekeseka, amakalimbikira sukulu. Anawo zonsezi amangoziwerenga m'makope. Tawabweretsa mpaka pakhomo, tawabweza osaona kanthu, ati chifukwa ndife opemphera. Kupemphera kwake kuti kotseka anthu m'maso?

Ndikubwereza, ndipo amene akhumudwe akhumudwe: kuona malo si tchimo. Kukwera phiri si kubwerera m'mbuyo. Ulendo wa mpingo si ulendo wa akaidi woti ukatsika galimoto ulowe m'tenti, ukatuluka m'tenti ulowe galimoto.

Ndipo poti ndayamba kale, ndalama ya phiri ija ili kuti? Lamulungu pa zolengeza tamva za matumba a simenti, tamva za maliro, tamva za yunifolomu ya kwaya, koma za ndalama imeneyi zii. Kuphiri sitinapite, mafutawo sanapse. Ndafunsa pa gulupu ya WhatsApp, onse awerenga, palibe wayankha. Amsungichuma foni ikungoitana.