Aphungu a za maganizo aziphunzirira pomwe pali odwala

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lachiwiri ndinaperekeza mayi anga aang'ono ku kiliniki ya BP ndi shuga pa chipatala china kuno ku Zomba. Chimwalirireni amuna awo, mayiwa sagona, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, mapilitsi amaiwala kumwa. Adokotala anayeza, BP yakwera, anawonjezera mankhwala n'kulemba m'buku. Mayi atati, "Adokotala, maganizo andichulukira," anayankhidwa kuti zimenezo n'za ku mental. Basi, wotsatira alowe.

Pakhonde panaima mtsikana wovala baji, wophunzira za uphungu amene anabwera kudzazolowera ntchito. Nditamupempha kuti acheze nawo mayiwa, anati, "Pepani, ife anatiphunzitsa kukhala ndi munthu ola lathunthu m'chipinda chathuchathu. Pano sindidziwa polowera."

Mwanayo sindikumuimba mlandu. Ndikunena inu amene mukuphunzitsa aphungu. Mukuwakonzekeretsa kukagwira ntchito kuti? Munthu wa kwa Jali kapena ku Mayaka sadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikaonane ndi phungu. Amapita kuchipatala ndi mutu, ndi mtima wothamanga, ndi kusowa tulo. Amapita kukatenga ma ARV, amapita kusikelo ndi mwana kumsana. Nkhawa zake zili pamzere womwewo, pabenchi lomwelo. Ndiye phungu aphunzirire pomwepo! Aphunzire kuyenda ndi namwino ndi dokotala, kuwerenga buku la wodwala, kudziwa kuti shuga ndi BP zimavuta kutsika munthu akakhala ndi chisoni chosatha. Aphunzire kuthandiza m'mphindi zochepa, chifukwa panja pali chinamtindi cha anthu. Adziwe kufunsa poyera, mopanda mantha, ngati munthu akuganiza zodzipha, ndipo adziwe amene ayeneradi kutumizidwa ku Zomba Mental Hospital ndi amene angathandizike pomwepo. Mutu umodzi susenza denga. Dokotala payekha sangathe, phungu wobisala kuofesi yake sangathenso.

Musandiuze kuti n'zosatheka. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo aphungu oyeza magazi akhala m'zipatala zathu zaka zonsezi, khomo loyandikana ndi la namwino. Zinatheka bwanji? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008 pofuna kuti matenda a maganizo azithandizidwa m'zipatala wamba. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pabenchi, panja pa kiliniki. Agogo! Ife tili ndi achinyamata a masatifiketi ndi madigiri, koma tikuwaimika pakhonde ngati alendo. Muziti ndalama, muziti kuchepa kwa antchito, zimenezo tazimva kale.

Wophunzira asamalize maphunziro asanakhale miyezi ingapo ku kiliniki ya ma ARV, kwa amayi oyembekezera, kwa a shuga ndi BP. Osati kukangoonerera ayi, koma kugwira ntchito pansi pa womuyang'anira amene amaidziwa.

Komanso nkhani ya zipinda imeneyi! Munthu aulule bwanji zakukhosi pomwe chomulekanitsa ndi anthu apamzere ndi katani yong'ambika, mnansi wake ali pomwepo khutu lili tcheru? Inu oyang'anira zipatala, mumamanga mipanda ya njerwa kuzungulira chipatala chonse, kachipinda kamodzi kokhala ndi chitseko kakukukanikani?