Wodzigwetsa m'bokosi alangidwe ngakhale mpira utatha

Loweruka ndinapita kukaonera mpira wa anyamata pabwalo lina kuno ku Mabvuku, mu Harare. Mwana wa mchemwali wanga amasewera kumbuyo. Mnyamata wa timu inayo analowa m'bokosi, palibe amene anamukhudza, koma anadziponya pansi n'kumagubuduka atagwira bondo. Refa anali kutali, anaimba penate, wathuyo n'kupatsidwa khadi yachikasu. Anafika kunyumba misozi ili m'maso, nsima osaikhudza. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti akuluakulu m'mbali mwa bwalo ankawomba m'manja kuti mwana wodzigwetsayo ndi wochenjera. Abale anga, kudzigwetsa ndi kuba. Tisakupatse dzina lina.

Ana amatengera zimene amaona pa TV. Mu 2002, pa World Cup, Hakan Ünsal wa Turkey anamenya mpira umene unagunda Rivaldo pamwendo, koma Rivaldo anagwa atagwira kumaso. Ünsal anatulutsidwa m'bwalo. FIFA inangolipiritsa Rivaldo chindapusa, iye n'kupitiriza kusewera mpaka Brazil inatenga chikho. Munthu wolandira ndalama zambiri chonchija, chindapusa chingamupweteke pati? Chimene wosewera amaopa ndi kukhala panja anzake akusewera.

Ku Scotland anayamba kale kulanga odzigwetsa pogwiritsa ntchito kanema, ndipo England inatsatira mu 2017. Anthu atatu, mmodzi amene anakhalapo refa, wina kochi, wina wosewera, ankaonera kanemayo mpira utatha, ndipo akagwirizana onse kuti munthu ananamiza refa mpaka kupeza penate kapena kutulutsitsa mnzake, ankamuimitsa masewero awiri. Oumar Niasse wa Everton ndiye anali woyamba kulangidwa chotero mu Premier League, pambuyo pa masewero awo ndi Crystal Palace. Ena amati n'kovuta kutsimikiza kuti munthu anadzigwetsa dala, ndipo amatchula Eduardo wa Arsenal amene UEFA inamuimitsa mu 2009 chifukwa cha penate ya pa Celtic, kenako n'kuchotsa chilangocho. Ndikuvomera. N'chifukwa chake ndikuti atatuwo azigwirizana onse. Pokayikitsa asiye, poonekeratu alange.

Za VAR, njira imene refa amaoneranso kanema mpira uli mkati, ndilankhula ndi mtima wa bala. Mu Januwale 2022 pa Africa Cup of Nations ku Cameroon, Flames ya kwathu ku Malawi itagonjetsa Warriors ya Zimbabwe 2-1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango (sabata imeneyo anansi athu sankatiyankha moni bwinobwino), tinakumana ndi Senegal. Refa anatipatsa penate, tinalumpha m'nyumba, iye n'kupita kukaona kanema, n'kubwera atasintha maganizo. Mpira unatha 0-0. Mpaka lero zimandiwawa. Komabe refa uja anaonanso ndi maso ake asanagamule. Yerekezani ndi mpira wa Ghana ndi South Africa ku Cape Coast mu Novembala 2021, m'gulu limene munalinso Zimbabwe. Daniel Amartey wa Ghana anagwa m'bokosi, André Ayew n'kumwetsa penate, Ghana inapambana 1-0 ndipo South Africa inatuluka mumpikisano wopita ku World Cup. VAR kunalibe. Anthu akukanganabe za penate imeneyo, pamene mphindi imodzi yoonera kanema ikanathandiza refa. Ine ndisankha kupwetekedwa ndi chigamulo chimene munthu wachiona kawiri.

Ndikudziwa kuti VAR imafuna makamera ambiri, magetsi odalirika ndi marefa ophunzitsidwa, ndipo kuno magetsi tikuwadziwa tonse mmene amachitira. Ngakhale pa fainolo ya CAF Champions League mu 2019, ya Espérance ndi Wydad, makinawo sanagwire ntchito ndipo mpira sunathe. Ndiye sindikuti mawa bwalo lililonse likhale ndi VAR. Koma chilango cha pambuyo sichilira zonsezo. Dynamos ikamasewera ndi CAPS United kapena Highlanders, makamera amakhalapo kale. Chotsala ndi anthu atatu okhala pansi Lolemba kuonera kanemayo, ndi lamulo lolembedwa bwino. ZIFA ndi PSL, oyendetsa mpira kuno ku Zimbabwe, angathe zimenezi, FAM, yoyendetsa mpira kumudzi ku Malawi, ingathenso.

Loweruka likubwerali anyamata aja akuseweranso. Ndikaima kuseri kwa golo ndi foni yanga, ndijambule mpira wonse, ndipo ndikaupereka kwa amene amayendetsa ligi ya anawo. Makolo anzanga a ku Tafara ndi Mabvuku, wina akaime ku golo linalo.