Musiyeni Shania Twain, luso ndi lake

Ndapsa mtima mmawa uno. Wailesi ya mu minibasi imayimba You're Still the One ya Shania Twain, ndiye bambo wina kumbuyo akuti, "Mayi ameneyu anangotola mwayi pa banja, pakanapanda mwamuna wake uja palibe akanamudziwa." Anthu n'kumavomera ndi mitu. Zoona abale?

Mayi ameneyu anabadwira ku Windsor m'dziko la Canada mu 1965, nakulira ku Timmins pa umphawi wadzaoneni, kusukulu amapita nthawi zina opanda kanthu m'mimba. Ali ndi zaka 8 zokha ankayimba kale m'mabala pakati pausiku kuti pakhomo papezeke kangachepe. Mwamuna mukunenayo anali kuti? Mu 1987 mayi ake ndi bambo omulera anafera limodzi pa ngozi ya galimoto, iye ali ndi zaka 22. Anatenga azing'ono ake ndi alongo ake n'kumawalera ndi ndalama zoyimbira pa hotela ya Deerhurst ku Huntsville. Mwamunayo anali kuti pamenepo?

Sindikukana kuti mwamuna wake wakaleyo, Mutt Lange, ndi katswiri pokonza nyimbo mu studio, anagwirapo ntchito ndi magulu oyimba a AC/DC komanso Def Leppard. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nyimbo zambiri za pa chimbale cha The Woman in Me cha 1995 ndi zonse za Come On Over cha 1997 anapeka awiriwo, maina onse awiri alipo pa zimbalezo. Nanga inu mukuwerenga chala chimodzi chifukwa chiyani? Mawu amene anagulitsa makope opitirira 40 miliyoni a Come On Over ndi a ndani? Mphoto za Grammy zisanu zija zalembedwa dzina la ndani? Ndipo chimbale chake choyamba cha 1993, chomwe mabwana a kampani yojambula nyimbo ku Nashville anamupatsa nyimbo zambiri zopeka anthu ena, sichinapite patali. Atangomulola kuyimba zakezake, dziko lonse linagwedezeka. Luso linali mwa iye kuyambira kale.

Vuto ndi lomwe lija, mkazi akachita bwino timayamba kufufuza mwamuna amene ali kumbuyo kwake.

Banjalo linasokonekera mu 2008. Apo n'kuti matenda a Lyme, obwera polumidwa ndi nkhupakupa, atamuwononga kale mawu moti kwa zaka zambiri kuyimba kumamukanika. Wina aliyense akanangokhala pansi n'kumadya zomwe anapata. Iye ayi. Mu 2012 anabwerera pa siteji ku Las Vegas, ndipo mu 2017 anatulutsa chimbale cha Now, nyimbo zonse atapeka yekha, popanda Lange ngakhale mzere umodzi. Chinafika pa nambala wani pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America. Kodi pamenepanso munena kuti ndi mwamuna? Uti? Luso salowola, salandira ngati mphatso ya paukwati. Ndi lake, anabadwa nalo, analivutikira yekha.

Komanso inu ma DJ a pa maukwati mumanditopetsa. Mumayika nyimbo ya Shania ya From This Moment On akwati akulowa mu holo, nyimbo isanafike n'komwe pokoma mwaidula kale kuti perekaniperekani ayambe. Kenaka pa maikolofoni n'kumati "nyimbo ya ku America iyi." Ndi wa ku Canada!